Silabu ya Lachisanu

Mdzukulu wanga atalandira kalata ya ntchito, amayi a kumpingo anabwera kudzandigwira chanza ngati kuti walembedwa ndine. Atapita ndinavala magalasi n'kuiwerenga kalatayo kawiri, mpaka ndinapeza pamene anabisa mbedza: miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa, kenako komiti idzaona. Komiti! Ndakhala kuseri kwa mpanda wa koleji ya mpingo imeneyi zaka zambiri kuposa za mwanayo, ndipo sindinaionepo komiti ikuona kanthu. Imangomva basi, ndiponso imamva amene wakweza mawu.

Mwanayu ndinamulera ndekha kuyambira ali kumsana, mayi ake atatisiya. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku nazale ya tiyi pa esiteti, msana wopindika tsiku lonse, kubzala timitengo m'machubu. Iye anakula, anapita ku Blantyre kukaphunzira zomangamanga, n'kubwerako ndi dipuloma, chisoti choyera ndi nsapato zolemera ngati za msilikali. Pakolejipo anamupatsa zonse zimene ena anazithawa: denga la laibulale lodontha, zimbudzi za anyamata zimene zinatitimira, ndiponso chachikulu, hositelo yatsopano ya atsikana. Iye sankagwira njerwa ayi. Ntchito yake inali kuthamanga pakati pa kontirakita, injiniya ndi komiti, kuti aliyense achite zake pa tsiku lake.

"Anganga, ine ndili ngati mlatho," anandiuza tsiku loyamba, akumanga zingwe za nsapato zija.

"Mlatho amaupondatu," ndinatero.

Anaseka. Ana a masiku ano amaseka chilichonse chimene sanachipeze pafoni.

Sabata yomweyo ndinasamutsa dengu langa la nthochi ndi mapeyala kuchoka pamsewu kupita patsinde pa bulugamu, moyang'anana ndi pamene ankamanga. Ndinauza anthu kuti amisiri amagula bwino. Bodza. Mmisiri amadya nthochi ziwiri n'kukuuza kuti imodzi inali yowola. Ndinapita pamenepo kukakhala maso a mwanayo, chifukwa ake anali papepala.

Munthu woyamba kumuwerenga anali folomani wa kontirakita, bambo wamimba amene ankayenda ndi tepi m'chiuno koma sindinamuonepo akuyeza kanthu. Pamaso ankati "madamu", "abwana", chipewa chili m'manja. Mwanayo akangotembenuka, ankasintha n'kuyamba Chilomwe ndi anyamata ake. Mdzukulu wanga anakulira pamishoni, Chilomwe amangodziwa moni. Ine ndinayamwa chomwecho. Koma nkhalamba yogulitsa nthochi amaiona ngati chitsa, ndiye ankalankhula momasuka, nthochi zanga zili m'kamwa.

Wachiwiri anali wapampando wa komiti ya zomanga, a elda a mpingo wathu. Amenewa sindinafunikire kuwawerenga, ndinawamaliza kalekale. Ndisanapite ku nazale ndinatcholako tiyi, ndipo kalaliki amene ankayeza masamba athu pasikelo anali iwowa. Ankayang'ana sikelo ndi diso limodzi, lina lili pa kapitawo. Lero tsitsi layera, amavala jekete ngakhale kutenthe bwanji, ndi nsapato zakuda zosongoka zimene amazinyadira kuposa ana awo. Pemphero lawo lotsegulira msonkhano limatalika kuposa msonkhanowo.

Pofika Okutobala maziko anali atatha, miyala itatsenderedwa, mawaya atayalidwa. Panatsala kuthira silabu, ndiye kuti konkire wa pansi pa nyumba yonse. Mwanayo anaika tsiku Lolemba. Anandifotokozera tikusenda chinangwa pakhonde kuti konkire watsopano ali ngati khanda: masiku oyambirira amafuna kumwa m'mawa, masana ndi madzulo. Ukamusiya padzuwa la Okutobala amauma pamwamba mkati asanakhwime, n'kung'ambika ngati chidendene cha mlimi. Kuthira Lolemba kukanapereka masiku asanu othirira Sabata lisanalowe, pakuti mkati mwa mpanda umenewu, dzuwa likalowa Lachisanu, ngakhale tsache silikhudzidwa mpaka lilowenso Loweruka.

Ndiye kunabwera uthenga woti Lamulungu, kutatsala tsiku limodzi kuti Lolembalo lifike, kukubwera alendo ochokera ku likulu la mpingo, ena a kunja amene anathandiza pa ntchitoyo. A elda anafuna kuti alendowo adzaime pa simenti pojambulitsa, osati pa mawaya. Anaitanitsa komiti Lachitatu. Ine sindinalowe, koma mawindo a ofesi imeneyo satsekeka, ndipo ndinapezeka kuti ndikugulitsa mapeyala pansi pake.

"Tithira Lachisanu m'mawa," anatero a elda.

"A elda, tsiku lotsatira ndi Sabata. Adzathirira ndani?" anafunsa mwanayo.

"Mwana wanga, ife tinamanga tchalitchi chija iwe usanabadwe."

Tchalitchi chimene ankanenacho chili ndi mng'alu kukhoma la kumadzulo woti buku la nyimbo limalowa lonse. Palibe amene anawakumbutsa. Folomani anadzuka, dzanja pachifuwa, n'kunena kuti anyamata ake amapemphera Lamulungu, choncho Loweruka adzabwera awiri kudzathirira, komiti isade nkhawa. A elda anakhosomola, n'kuyang'ana kudenga ngati sanamve, popeza kuvomera poyera sakanatha. Ena onse anagwedeza mitu ngati nkhunda. Pomaliza anapereka pepala kwa mwanayo kuti asaine kuti tsiku lasintha. Anasaina iye yekha.

Lachinayi masana folomani ndi anyamata ake anabwera pa dengu langa. Mmodzi anafunsa m'Chilomwe kuti awiri a Loweruka aja ndi ndani. Folomani anaseka mpaka nthochi inamutsamwa. Anati mlonda wa pageti ndi dikoni, pa Sabata salowetsa ngakhale munthu wonyamula kapu, nanga chidebe? Anati aliyense adzipitira kwawo. Wina anafunsa kuti nanga ikang'ambika? Folomani anati, "Wasaina ndani?"

Ndinawapatsa chenji chawo bwinobwino.

Madzulo ndinamuuza mwanayo mawu onse monga anatulukira. Iye anati, "Anganga, inu simukhulupirira munthu ndi mmodzi yemwe."

"Nditchulire mmodzi amene ndinamunamizira."

M'malo mwake anatenga foni. Anayamba kuimbira injiniya wa ku Blantyre. Ameneyo ndi bambo amene ankabwera mwakamodzikamodzi, kuima pafupi ndi galimoto yake kuti fumbi lisamudetse, n'kufulumira kubwerera kuti akapeze kabichi wabwino pa Bvumbwe. Foni inalira osayankhidwa. Kachitatu anayankha n'kunena kuti nkhani za masiku ndi za pakoleji pomwepo, iye adzabwera kudzaona silabu ikauma, ndipo ikadzapezeka ndi ming'alu adzalemba zimene wapeza. Mwanayo anaika foni pansi. Miyezi yake yoyesedwa inali kutha kumapeto kwa mwezi womwewo.

Ndinamuyang'ana, ndipo ndinakwiya naye iyenso, chifukwa cha dzanja lake lofulumira kusaina. Koma mkwiyo suthirira konkire. Ndinamuuza za ku nazale. Timitengo ta tiyi tikangotibzala sitinkatithirira tsiku ndi tsiku ayi. Tinkathira madzi ambiri kamodzi, kufunditsa, kutseka m'mbali ndi dothi kuti chinyezi chisathawe, n'kuchokapo. Ndinamufunsa ngati konkire wake ndi wosakhwima kuposa kamtengo ka tiyi.

Anadzuka pampando. Anati zimenezo anaphunzira, zili m'buku: umamanga kamzere ka dothi kuzungulira silabu n'kudzaza madzi kuti akhale ngati dziwe. Koma anati konkire amafunika ayambe wagwira maola angapo, ndipo pofika nthawi imeneyo amisiri adzakhala ataweruka, pakuti Lachisanu pakoleji ntchito imatha masana.

"Bukulo linakuuza kuti dothi amanyamula amisiri okha?" ndinamufunsa.

M'mawa mwake ndinadzera m'makomo mwa amayi atatu amene tinkapinda nawo msana ku nazale. Sindinganene kuti ndimawakhulupirira. Mmodzi ali ndi pakamwa ngati wailesi, wina anandibwereka khasu chaka cha njala mpaka lero. Koma manja awo ndimawadziwa. Onse ndi a mipingo ya Lamulungu, ndipo anavomera makamaka kuti akaone mmene a Sabata akudzipachikira okha.

Amisiri anayamba kuthira konkire kusanache bwino. Makina osakanizira anabangula, mawilibala anathamanga pamatabwa, folomani anakuwa kwambiri kuti aoneke. Dzuwa litafika paliwombo anali atasalaza ngodya yomaliza. Posakhalitsa amisiri anasamba m'migolo n'kuyamba kutuluka.

"Mukupita kuti nthawi ino?" ndinafunsa folomani.

"Kukonzekera Sabata, amayi."

"Sabata la ndani? Si inu mumagona m'shabini mpaka Lamulungu?"

"Tikulemekeza eni malo," anatero, akutsinzinira anyamata ake.

Tinadikira pansi pa bulugamu, dzuwa likuwotcha ngati latumidwa. Mwanayo ankapita kukadina konkire ndi chala, kubwerera, kupitanso. Cha m'ma folo anati wagwira. Tinali titakanda kale katondo pambali, ndiye tinayamba. Tinazunguliza mzere m'mphepete monse, wotalika ngati chikhatho, kenako tinadula mkati mizere ina kuti silabu igawike m'mabedi ngati a ku nazale, kuti pena pakaphulika madzi asathawe onse. Mwanayo anavula chisoti, anapinda buluku, n'kukoka payipi kuchokera pampopi wa kukhitchini. Payipiyo inali yaifupi. Mabedi akutali tinadzaza ndi zidebe pamutu, nkhalamba zinayi ndi mwini dipuloma.

Atsikana a pakoleji ankadutsa ndi zovala zawo zosita, akupita kukatsegula Sabata, n'kumatiyang'ana ngati amisala. Hositelo yake ndi yawo yomwe. Palibe ndi mmodzi yemwe anati ndikulandireni chidebe. Aphunzitsi a mawa amenewo.

Dzuwa likukhudza nsonga za mabulugamu a pa esiteti, bedi lomaliza linadzaza. Silabu yonse inali kunyezimira, mitambo ikuoneka m'menemo. Tinatseka mpopi belu lisanalire. Palibe lamulo limene tinaphwanya tsiku limenelo, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike.

Loweruka m'tchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinali dikoni wamkazi nthawi imeneyo, ndinakhala kutsogolo ndi nsapato zanga zoyera, koma mtima unali pa katondo. Malata ankalira ndi kutentha. Mwanayo anali m'kwaya, nkhope yodekha, chifukwa iye ankakhulupirira mzere wa dothi monga ankakhulupirira pepala. Ine ndimadziwa kuti chimene wachisiya chili bwino sichikhala chokha. Pali mbuzi, pali ana, pali anthu.

Titatuluka, anthu akupatsana moni pakhomo, ndinazemba n'kudzera njira ya kuseri kwa khitchini. Kuyenda pa Sabata sikuletsedwa. Kuyang'ana sikuletsedwanso.

Mabedi onse anali ndi madzi kupatula limodzi, la pangodya ya kumene kudzakhale khomo lalikulu. Mzere wake unali utaphwanyika, madzi onse atatsikira m'ngalande, konkire atayamba kutuwa ngati ufa. Ndinawerama kuyang'ana pophwanyikapo. Sinali mbuzi. Linali phazi la munthu wovala nsapato yosongoka, chidendene chake chodindika bwinobwino m'matope, chala chikuloza ku silabu. Munthu anabwera m'mawa, asanalowe m'tchalitchi, kudzaona pamene alendo ake adzaime, n'kuponda kuti ayese ngati palimba. Nsapato za mtundu umenewo pamishoni ponse zili ndi mwini mmodzi.

Dzuwa linali lisanapendeke. Kudikira mpaka lilowe kunali kusiya ngodya imeneyo iphike maola ena asanu, pakhomo penipeni pamene injiniya adzayambire kuyang'ana. Ndinaganiza zokamuitana mwanayo, koma akanagwira iye, akanamuchotsa ntchito Lolemba lomwelo chifukwa cha Sabata, silabu ili bwinobwino. Ine ndinalibe ntchito yoti andichotse.

Sindinagwire ndi manja. Ndinakankha matope ndi phazi, kutseka pamene panaphwanyika, kupondaponda mpaka panagwirana. Kenako ndi chidendene ndinaboola mzere wa pakati, madzi a bedi loyandikana n'kuyamba kutsetserekera mouma muja. Konkire anamwa, utoto wake unabwerera. Ndinkadziuza kuti sindinanyamule chidebe, sindinagwire khasu, ndangoponda monga anapondera mnzanga. Kumeneko kunali kudzinamiza, ndikudziwa. Ntchito ndi ntchito, ngakhale uigwire ndi mphuno. Nkhani imeneyo ndinakambirana ndi Mwini Sabata patokha, ndipo zimene tinagwirizana si za komiti.

Potembenuka ndinapeza akazi a elda, amene ndi mkulu wa amayi a Dorika, ataima panjira ndi ambulera. Maso awo anali pa mapazi anga. Nsapato zoyera zija zinali zofiira mpaka m'zingwe.

"Sabata labwino, amayi," anatero. "Nsapatozo zapita kumunda zokha?"

"Sabata labwino. Zatsatira zinzake zimene zinadutsa m'mawa."

Sanamve, kapena anamva bwino kwambiri. Anapinda milomo n'kumapita mofulumira, nkhani ikuwawotcha m'kamwa.

Lamulungu a elda anafika alendo asanabwere, n'kupeza dziwe. Anakuwa kuti ndani wasandutsa hositelo kukhala damu la nsomba. Analamula kuti bedi la pakhomo liphwetsedwe, lisesedwe, liume, kuti alendo aimepo. Ine ndinali pa dengu langa, ndipo ndinayang'ana dzanja la mwanayo, chifukwa ndinkadziwa kufulumira kwake kusaina.

Iye anatsegula buku lake la pantchito, analemba mizere iwiri, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Chabwino, a elda. Ndalemba kuti mwalamula ndinu kuti tichotse madzi tsiku lachiwiri. Sainani apa, tiphwetse pompano."

A elda anasisita matumba a jekete. "Ndilibe cholembera."

"Nachi changa."

"Magalasi ndasiya kunyumba, mwana wanga."

"Ndikuwerengerani."

Anayang'ana bukulo ngati muli njoka. Kenako anati, poganiza bwino, alendo akhoza kuima pa udzu, madziwo aoneke kumbuyo. Ndinatenga nthochi imodzi n'kudya ndekha, chinthu chimene sindichita ndi katundu wogulitsa.

Alendo anabwera, anaima pa udzu, anajambulitsa. Mmodzi anafunsa za madziwo, ndipo ndinamva a elda akufotokoza m'Chingerezi chawo cha pasikelo kuti imeneyi ndi njira imene komiti imatsatira nthawi zonse. Folomani anali pambali pawo ndi tepi yake, akuvomereza. Mwanayo pachithunzipo akuoneka phewa lokha.

Madzi anakhala pasilabu sabata yathunthu. Injiniya atabwera anatsika m'galimoto, anayenda pamwamba pake akugogoda ndi kahamala, n'kuima pangodya ya pakhomo. Panali timizere tiwiri tating'ono ngati tsitsi, ta maola aja ngodyayo inakhala padzuwa. Anapala ndi chikhadabo, anati n'zapamwamba chabe, n'kulemba kuti silabu ili bwino. Anafunsa ngati mapeyala anga ndi okoma kuposa a pa Bvumbwe. Ndinamugulitsa osapsa.

Ine anandiitana ku bodi ya mpingo sabata yotsatira. Anakhala mondizungulira, abusa pakati, a elda kudzanja lamanja, miyendo atapingasa. Nsapato zawo zinali zopolishidwa mpaka kuwala, koma katondo sachoka m'misoko, ndipo ndinamuona, kamzere kofiira kuzungulira chala. Akazi awo anafotokoza zimene anaona, n'kuwonjezerapo chidebe chimene panalibe. Abusa anandifunsa ngati ndili ndi mawu.

Mawu ndinali nawo, okwana kudzaza dengu. Ndikanangoti, a elda, tukulani phazi. Koma kalata yomukhazikitsa mwanayo pantchito inali isanatuluke, ndipo pansi pake pankafunika dzina la wapampando wa komiti ya zomanga. Munthu ukamuchititsa manyazi pagulu, cholembera chake chimasowa mpaka kale. Ndinayang'ana nsapatoyo nthawi yaitali, mpaka mwini wake anaibweza pansi pa mpando. Nditaona kuti wadziwa kuti ndadziwa, ndinati, "Ndinaponda matope pa Sabata. Ndilibe mawu ena."

Anandichotsa pa udikoni. Ndinabwerera ku benchi la kumbuyo, kumene ndapeza kuti munthu amaona bwino mpingo wonse.

Kumapeto kwa mwezi kalata inatuluka, yosainidwa msanga kuposa kalata ina iliyonse imene komiti imeneyo inalembapo. Mwanayo anabwera nayo akuthamanga, chisoti m'khwapa. Za bodi anali atamva kale kwa anthu, ndipo anandigulira nsapato zina zoyera ku Limbe. Zili m'bokosi. Ndimavala zakale zomwe zija, zimene ndachapa kangapo koma zinakana, zinatsala zofiirira, ndipo akazi a elda amaziona Sabata lililonse ndikamadutsa.

Kalatayo ndinaiwerenga kawiri, ndi magalasi. Mbedza sindinaipeze, komabe ndinamuuza kuti akaijambulitse kawiri, imodzi ndisunge ine pansi pa matiresi.

"Anganga, mpaka liti?" anafunsa.

"Denga la laibulale ayamba liti?"

"Lolemba."

"Folomani wake yemweyo?"

"Yemweyo."

Lolemba ndinasamutsa dengu langa kupita kuseri kwa laibulale. Kulibe mthunzi kumeneko, koma malata akale akamatsika padenga ndimaona ngolo imene akwera ndi njira imene yalowera.